Sitima ya ku Durban ija: wa kumanzere anali ndani pamenepo?

Chikondi:
Madzulo abwino nonse. Pepani ndikubwezani ku nkhani ya Loweruka, yandisowetsa tulo. Za Lenin zija ndinazimva: makampani akuluakulu amameza ang'onoang'ono, mabanki n'kulowa m'makampanimo, ndalama zikachuluka kwawo zimapita kukasaka phindu kunja, kenako maboma amatumiza asilikali kukazilondera. Pamenepo ndilibe vuto. Pandivuta ndi pomwe a Kaphale munati aliyense wolimbana ndi America ndi Britain ndi mnzathu basi.

Mu Epulo 2008 sitima ya An Yue Jiang inafika pa doko la Durban itanyamula zida zochokera ku China, zipolopolo pafupifupi 3 miliyoni kuphatikizapo mabomba, zonse zikupita ku Zimbabwe. Chisankho chinali chitachitika pa 29 Malichi, zotsatira za pulezidenti osalengezedwa, anthu akumidzi akumenyedwa. Boma la South Africa linali litapereka kale chilolezo choti katunduyo adutse. Koma mamembala a SATAWU, bungwe la anthu ogwira ntchito zamtengatenga, anati ife sititsitsa. Ndiye ndithandizeni. Wogulitsa zida ndi dziko lolamulidwa ndi chipani cha chikomyunizimu. Wogula ndi Mugabe, amene ankatukwana atsamunda m'mawa ndi madzulo. Wopereka chilolezo ndi boma la ANC. Okana ndi anthu wamba a padoko. Ife tikanakhalapo tikanaima ndi ndani?

Yamikani:
Haha, Chikondi wabwera ndi moto lero. A Kaphale, bwalo ndi lanu, ife tingomvetsera.

A Kaphale:
Mwana wanga, wafunsa bwino ndipo sindithawa. Koma yamba wamva kumene ife tikuchokera. Tinakula nthawi imene dziko linali ndi misasa iwiri, wa America ndi wa Soviet Union, ndipo tinkaona kuti ndani akupereka chiyani. Lumumba, mtsogoleri wa ku Congo, anaphedwa pa 17 Januwale 1961, asilikali a Belgium ali pomwepo. Portugal inali membala wa NATO pamene inkaotcha midzi ku Mozambique, Angola ndi Guinea-Bissau. Mu Okutobala 1975 asilikali a South Africa analowa mu Angola, akuthamangira ku Luanda kuti akafike tsiku la ufulu, 11 Novembala, lisanakwane. Anawatsekera njira ndani? Kachilumba ka Cuba, kamene kanatumiza ana ake kuwoloka nyanja ya Atlantic, poyamba osafunsa n'komwe ku Moscow. Anakhala kumeneko mpaka 1991, ndipo oposa 2,000 anafera komweko. Pambuyo pa nkhondo ya Cuito Cuanavale, mu Disembala 1988, Pretoria inasaina zochoka ku Namibia, ndipo Namibia inalandira ufulu mu Malichi 1990. Pobwerera kwawo a Cuba sanatenge mgodi wa dayamondi kapena chitsime cha mafuta. Anatenga mafupa a anzawo.

Nanga enawo? Thatcher ankakana ziletso za malonda. Reagan anakana kusaina lamulo la ziletso mu 1986 mpaka aphungu anachita kumugonjetsa. Dzina la Mandela linachotsedwa pa mndandanda wa zigawenga wa America mu 2008, munthu atakhala kale pulezidenti n'kupuma. Njanji ya TAZARA azungu anati ilibe phindu, China inamanga makilomita 1,860 kuti mkuwa wa Zambia usamadutse kwa Smith ku Rhodesia. Ndiye ndikamamva achinyamata akuti onsewa n'chimodzimodzi, mtima umandiwawa.

Chikondi:
A Kaphale, ine sindinati n'chimodzimodzi. Ndafunsa za sitima.

Thoko:
Ndilowererepo pang'ono, chifukwa funso la Chikondi ndi lakale kuposa 2008. Gulu la sosholizimu lakhala likupunthwa pa mwala womwewu kuyambira kalekale.

Mu 1912 zipani za sosholizimu za ku Ulaya zinakumana ku Basel n'kulonjeza kuti anthu apantchito sadzaomberana chifukwa cha mikangano ya mafumu ndi eni mabanki. Pa 4 Ogasiti 1914 aphungu a SPD ku Germany, chipani chachikulu kwambiri m'gulu lonselo, anavomereza ndalama za nkhondo. A ku France nawonso anaima ndi boma lawo, mtsogoleri wawo Jaurès atangoomberedwa masiku anayi m'mbuyomo. Mu Disembala chaka chomwecho Karl Liebknecht anavota yekhayekha kukana. Mbendera inapambana.

Pa za ife ndiye zinali zoipa koposa. Ku Stuttgart mu 1907 kunali nthumwi zambiri zomwe zinkafuna kuti msonkhano uvomereze kuti utsamunda ukhoza kukhala wabwino bola ukuyendetsedwa ndi a sosholizimu, ndipo maganizo amenewa anagonja ndi mavoti ochepa chabe. Mu 1922 azungu a m'migodi ya ku Rand ananyanyala ntchito atanyamula chinsalu choitana apantchito a dziko lonse kuti agwirizane pomenyera South Africa ya azungu. Mu Malichi 1956 chipani cha chikomyunizimu cha ku France chinavota kupatsa boma mphamvu zapadera ku Algeria, ndipo tikudziwa zimene asilikali anachita nazo mphamvuzo. Chaka chomwecho Aimé Césaire, mlembi wakuda wa ku Martinique, anatuluka m'chipanimo. M'kalata yake kwa Maurice Thorez, mtsogoleri wa chipanicho, ananena kuti iye ankafuna chiphunzitso cha Marx chizitumikira anthu akuda, osati anthu akuda azitumikira chiphunzitsocho. George Padmore, womenyera ufulu wa anthu akuda, anali atasiyana kale ndi Comintern, mgwirizano wa zipani za chikomyunizimu, m'ma 1930, ataona kuti Moscow yafewetsa mawu pa Britain ndi France chifukwa choopa Hitler. Kwa Stalin imeneyo inali nzeru yotetezera dziko lake. Kwa munthu wokhala pansi pa Britain kunali kutayidwa.

Zimene ndikunena n'zoti chipani kapena boma likhoza kukhala ndi nyundo ndi chikwakwa pa mbendera, koma likapanikizika limaona kaye za pakhomo pake.

Limbani:
Pepani funso lachibwana, ndine watsopano muno. Mawu oti kumanzere anachokera kuti? Kunyumba akandimva amaganiza kuti ndikukamba za dzanja.

Thoko:
Si lachibwana ayi. Anachokera ku France mu 1789. M'nyumba ya malamulo, oikira kumbuyo mfumu ankakhala kumanja kwa wapampando, ofuna kusintha zinthu kumanzere. Dzina linakakamira pomwepo.

Yamikani:
Ine mukundidziwa, ndimabwera muno kudzakusokonezani. A Kaphale mwatchula TAZARA koma simunatchule midzi ya ujamaa, ya ulimi wa pamodzi ku Tanzania. Chikalata cha Arusha cha 1967 n'chokoma kuwerenga, Nyerere sanabe ndalama, zonsezo ndikuvomera. Koma kuyambira 1973 anthu mamiliyoni anasamutsidwa, ambiri mokakamizidwa, ena nyumba zawo zikugwetsedwa kuti asabwerere. Mwatchula Cuba ku Angola koma simunatchule Cuba ku Ethiopia. Mwatchula zida zothandiza omenyera ufulu koma osatchula kuti Fifth Brigade, gulu la asilikali a Mugabe, imene inapha anthu masauzande ku Matabeleland kuyambira 1983, inaphunzitsidwa ndi North Korea. Nthawi imeneyo a kumanzere ambiri kunja anangoti zii, poopa kuti akalankhula akondweretsa Pretoria. Hungary 1956, Prague 1968, Afghanistan 1979, akasinja amenewo anali a umodzi? Umodzi wanuwu umaona ndi diso limodzi.

ANambewe:
Achimwene a Yamikani, zambiri mwanenazo n'zoona, koma inu ndi a Kaphale muli ndi matenda amodzi. Nonse mukuwerenga maboma. Ine ndakhala zaka zambiri m'bungwe la apantchito, ndipo umodzi umene ndimaudziwa suyambira kunyumba ya boma.

Pa 19 Julaye 1984, m'sitolo ya Dunnes ku Dublin, mtsikana wa zaka 21, Mary Manning, anali pa thilu. Kasitomala anabwera ndi zipatso ziwiri zochokera ku South Africa. Bungwe lawo linali litalamula kuti mamembala asagwire katundu wa boma latsankho, ndiye iye anati pepani, izi sindingakugulitseni. Anamuimitsa ntchito, anzake pafupifupi khumi anatuluka naye. Iwo ankaganiza kuti n'za masiku ochepa. Anaima panja pa sitoloyo zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi inayi, m'mvula ndi m'chisanu, akulandira mapaundi 21 pa sabata kuchokera ku bungwe. Poyamba za South Africa sankazidziwa kwenikweni. Anawaphunzitsa ndi Nimrod Sejake, mkulu wa apantchito amene anathawa kwawo, yemwe ankabwera kudzaima nawo pamsewupo. Mu 1987 boma la Ireland linaletsa zipatso ndi ndiwo zamasamba za ku South Africa. Boma linabwera pambuyo, atsikana ali patsogolo.

Ina ndi ya ku East Kilbride ku Scotland. Mu 1974 amakaniko a pa fakitale ya Rolls-Royce anaona pa mapepala kuti mainjini amene abwera kudzakonzedwa ndi a ndege za Hawker Hunter za asilikali a Chile, mtundu womwewo wa ndege umene unaphulitsa nyumba ya pulezidenti Allende pa 11 Seputembala 1973. Anakana kuwagwira. Mainjiniwo anakhala panja m'mabokosi zaka zinayi, mpaka anachita kudzawatenga usiku mu 1978.

Ndipo ndikuuzeni za ine mwini. Tili pa sitalaka ina, sabata yachitatu, anthu atayamba kuzemba mmodzimmodzi kubwerera ku ntchito, inabwera fakisi kuchokera ku bungwe la anzathu a dziko lina amene ankagwira ntchito kwa eni ake omwewo. Pepala limodzi, inki yosaoneka bwino. Analemba malipiro amene iwo ankalandira pa ntchito yofanana ndi yathu, ndipo anati afunsa mabwana awo za ife pa msonkhano. Ndinaliwerenga nditakwera pa mpando, manja akunjenjemera. Mayi wina amene dzulo lake anati watopa analitenga pepalalo, n'kulipinda, n'kuliika m'chikwama. Sitinapate zonse zimene tinkafuna, koma palibe anachotsedwa ntchito. Ndiye Chikondi, pa funso lako ine sindichedwa. Ndili ndi a padoko.

A Kaphale:
Mayi, ndimakulemekezani, ndipo atsikana a ku Dublin ndimawavulira chipewa. Koma zipatso ziwiri sizinaimitse asilikali a South Africa pa mtsinje wa Queve ku Angola mu 1975. Umkhonto we Sizwe, gulu lankhondo la ANC, sinaphunzire kuombera ku sitolo. Panafunika boma lokhala ndi ndege, sitima ndi zida. Mukachotsa Soviet Union ndi Cuba pa nkhani imeneyi, mwina Mandela akanafera m'ndende.

ANambewe:
Sindikuwachotsa, bambo. Ndikuti tiziwathokoza pa zimene anachita, osati kuwapatsa chikalata choti chilichonse adzachite ife tidzaombera m'manja.

Mphatso:
Pali mbali ina imene tonse tikuidumpha. Tikukamba ngati umodzi unkangochokera kunja kubwera kuno, ife n'kumangolandira. Amene anagwetsa ulamuliro wankhanza ku Portugal pa 25 Epulo 1974 anali makaputeni otopa ndi nkhondo za mu Africa, makamaka ya ku Guinea-Bissau kumene PAIGC, gulu lomenyera ufulu, inali itawapanikiza. Alimi a ku Guinea ndi ku Mozambique anathandiza kumasula anthu a ku Lisbon. Cabral, mtsogoleri wa PAIGC, ankanena mobwerezabwereza kuti sakulimbana ndi anthu a ku Portugal koma ndi utsamunda wa Portugal.

Komanso amene analipira kwambiri anali osauka. Mu Malichi 1976 Samora Machel anatseka malire ndi Rhodesia, dziko lake lisanathe ngakhale chaka chili pa ufulu, podziwa kuti doko la Beira ndi njanji zitaya ndalama zimene ankazifunitsitsa. Malipiro ake anali kuphedwa kwa anthu ku Nyadzonia ndi ku Chimoio, kenako Renamo. Tanzania inasunga FRELIMO, ANC ndi ena ambiri, Mondlane, mtsogoleri wa FRELIMO, anaphedwera ku Dar es Salaam mu 1969. Zambia inaphulitsidwa kangapo. Palibe wa maiko amenewa amene anali ndi chuma chotaya. Mnzako akapsa ndevu mzimire, iwo anazimira ndi manja awo.

Ndipo osaiwala Sweden, imene sinali ya chikomyunizimu, koma inapereka ndalama zambiri ku ANC, SWAPO ndi FRELIMO. Misasa iwiri ija sinali yoyera malire monga mukunenera, a Kaphale.

Chikondi:
Zikomo a Mphatso. A Kaphale, za Ethiopia zimene a Yamikani anatchula simunaziyankhe. Ine ndiye sindikuzidziwa bwino.

A Kaphale:
Mwandigwira pakhosi ana inu. Chabwino. Mpaka 1977 Soviet Union inali bwenzi la Siad Barre wa ku Somalia, amenenso ankadzitcha wa sosholizimu. Somalia italowa m'chigawo cha Ogaden, Moscow inasamukira kwa Mengistu wa ku Ethiopia, ndipo Cuba inatumiza asilikali masauzande ambiri. Pa za malire anali ndi chonena, chifukwa wolowa m'dziko la mnzake anali Somalia. Koma nthawi yomweyo Mengistu ankapha ana asukulu m'misewu ya Addis Ababa, ambiri mwa iwo a chipani cha EPRP, amenenso ankawerenga Marx yemweyo. Ndipo atapepukidwa ku Ogaden anatembenuzira asilikali ake ku Eritrea, kwa anthu amene Cuba inawathandizapo kale. Sindinganame kuti zinali bwino. Ife nthawi imeneyo tinkati ndi mabodza a BBC. Sanali mabodza.

Yamikani:
Lembani tsiku la lero pa kalendala.

A Kaphale:
Usasangalale msanga, mphwanga. Kulakwa kwa Cuba ku Ethiopia sikusandutsa IMF kukhala mayi wachifundo.

Thoko:
Apa ndi pomwe Cabral amandithandiza. Pa msonkhano wa Tricontinental ku Havana mu Januwale 1966, ena akutukwana America, iye anakamba za kufooka kwa m'kati mwathu. Anati amene amatenga boma pa tsiku la ufulu si alimi kapena apantchito, koma kagulu kophunzira, makalaliki, aphunzitsi, maloya. Kagulu kameneka kali ndi njira ziwiri: kulowa m'nyumba za atsamunda n'kukhala mabwana atsopano, kapena kudzipha monga gulu, kutanthauza kutaya zofuna zake n'kubadwanso pakati pa anthu wamba. Nkrumah m'buku lake la 1965 anafotokoza za utsamunda watsopano, dziko lokhala ndi mbendera ndi nyimbo ya fuko koma chuma chake chikuyendetsedwa kunja. Zoona, ndipo mu Febuluwale 1966 anamulanda boma ali pa ulendo wa ku Hanoi. Koma utsamunda watsopano sungagwire ntchito popanda wa m'nyumba wotsegula chitseko. Ndipo wa m'nyumbayo waphunzira kuti akamatukwana azungu pa wailesi, a kumanzere akunja samufunsa za ndende zake.

Yamikani:
Marikana. 16 Ogasiti 2012, anthu 34 a mumgodi kuomberedwa ndi apolisi. Kampani ya Lonmin ya ku London, boma la ANC lomwe linali pa mgwirizano ndi chipani cha chikomyunizimu cha SACP ndi chitaganya cha apantchito cha COSATU. Impiriyalizimu ndi omenyera ufulu mbali imodzi, okumba miyala mbali ina.

ANambewe:
Imeneyo inatipweteka ife a mabungwe kuposa aliyense, chifukwa NUM, bungwe la apantchito a m'migodi limene linatsogolera sitalaka yaikulu ya 1987, linapezeka kuti anthu ake alitaya. Tisamanamizane kuti mabungwe ndi angelo. Nawonso akazolowera maofesi ozizira amaiwala fumbi.

Limbani:
Ine monga watsopano ndikuona ngati mukukamba za m'mbuyo zokhazokha. Lero kulibe Soviet Union, China ikuchita malonda ngati wina aliyense. Umodziwu lero uli pati?

Mphatso:
Ulipo, kungoti ulibe yunifolomu. Chitsanzo chimene chinapulumutsa anthu ambiri amene tikuwadziwa ndi cha ma ARV. Makampani 39 a mankhwala anatengera boma la South Africa kukhoti chifukwa cha lamulo lofuna kutsitsa mitengo. TAC, gulu lomenyera ufulu wa odwala Edzi, inayenda m'misewu, magulu a ku America, ku Ulaya, ku Brazil ndi ku Thailand anachita phokoso, Cipla ya ku India inati ingapereke mankhwala a munthu mmodzi pa madola 350 pa chaka pamene kwina ankagula oposa 10,000. Mu Epulo 2001 makampaniwo anauthawa mlandu. Koma taonani izi, Chikondi: TAC yomweyo itathandiza boma kugonjetsa makampani, inatembenuka n'kulitengera boma la Mbeki kukhoti pa za nevirapine, mankhwala oteteza mwana kuti asatenge HIV kwa mayi, ndipo inapambana mu 2002. Sinasinthe mbali. Mbali yake inali odwala kuyambira pachiyambi.

Pomwe tikulephera ndi pa ngongole. Sankara anauza atsogoleri anzake ku Addis Ababa mu Julaye 1987 kuti akane kubweza onse pamodzi, ndipo anati Burkina Faso ikakana yokha iye sadzakhalapo pa msonkhano wotsatira. Anaseka. Pa 15 Okutobala anaphedwa. Mpaka lero obwereketsa ali ndi Paris Club yawo, kumene amakambirana pamodzi, obwereka aliyense amalowa yekha m'chipinda. Zambia italephera kubweza mu Novembala 2020 inakhala zaka zoposa zitatu ikukambirana, uku China, uku eni mabondi a kumaiko a azungu, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kutaya.

A Kaphale:
Pa ngongole ndiye tagwirizana. Koma ndikuchenjezeni za chinthu chimodzi, inu okonda kudzudzula mbali zonse. Iraq mu 2003 ndi Libya mu 2011 maiko a azungu anazilowa akunena kuti akupulumutsa anthu kwa wolamulira wankhanza. Mawu anu abwinowo amatha kukwera ndege ya nkhondo. Saddam anali chilombo, anapha achikomyunizimu a ku Iraq ambirimbiri, koma amene anayenda m'misewu pa 15 Febuluwale 2003 kukana nkhondo sanalakwe.

Thoko:
Sanalakwe, ndipo sanafunike kunyamula chithunzi cha Saddam kuti akane nkhondoyo. A padoko la Durban sanaitane NATO. Anangopinda manja.

Chikondi:
A Kaphale, mwayenda nane ku Angola, ku Ogaden mpaka ku Baghdad. Tibwerere ku Durban. Muli pa kireni, kontena ili m'munsimo, foromani akukuwa. Mutsitsa?

A Kaphale:
Iwe mwana ndiwe wovuta ngati amayi ako a Nambewe. Sinditsitsa. Zipolopolo zimenezo sizinkapita kukaombera Gordon Brown, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, zinkapita kwa mwana wa mlimi ku Mutoko. Koma madzulo ake ndikanapita ku msonkhano wa bungwe kukanena kuti Britain inalonjeza za malo ku Lancaster House, pa zokambirana za ufulu wa Zimbabwe, kenako mu 1997 nduna yawo Clare Short n'kulemba kalata yokana udindo, ndipo zimenezo tisaziiwale chifukwa choti Mugabe walakwa. Akanandikuwiza, koma ndikananena.

ANambewe:
Ndikanakupatsani maminitsi atatu, osapitirira. Ndimakudziwani inu mukagwira maikolofoni.

Limbani:
Nanga sitimayo inathera kuti?

Chikondi:
Khoti lalikulu la ku Durban linaletsa kuti zidazo zidutse m'dzikomo, pa pempho limene mmodzi mwa olipereka anali Bishopu Rubin Phillip wa Anglican. Sitima inanyamuka mwachangu mapepala a khoti asanaifike. ITF, chitaganya cha mabungwe a zamtengatenga pa dziko lonse, inachenjeza mamembala ake m'madoko ena, ndipo Levy Mwanawasa, amene anali wapampando wa SADC, anapempha maiko a m'chigawochi kuti asalole zidazo kutsitsidwa. Inakaima ku Luanda, ndipo boma la China linanena kuti katunduyo abwerera kwawo.

Yamikani:
Bishopu, ma loya, a padoko ndi pulezidenti amene sanali wa sosholizimu n'komwe. A Kaphale, msasa umenewo mukuuika kumanzere kapena kumanja?

A Kaphale:
Udzandifunse Loweruka pamaso. Thoko, tumiza zolankhula za Cabral za ku Havana zija muno kuti aliyense abwere atawerenga, makamaka Yamikani, amene amawerenga mitu yokha.

Thoko:
Nditumiza usiku uno. Ndi zazitali ndithu, musadzati sindinanene. Limbani, iwe uyambire pa gawo la kagulu kophunzira lija, kwinako tidzathandizana.